Mutu 7: Loko mu Fayilo ya Agogo

1. Mpando umodzi, anthu awiri

Pamwamba pa sitolo yogulitsa matayala panali kachipinda kotentha ngati uvuni. Munali matebulo anayi, makompyuta, fani yakale yolira mopempha kupuma, ndi mawaya opiringizana pansi moti mlendo aliyense ankapunthwa asanapereke moni. M'menemo ndi momwe ankakonzera pulogalamu ya pa matabuleti, imene ana a masukulu ambiri ankawerengera ndi kulembera mayeso.

Chaka chimenecho abwana, mayi wamtali wosakonda kubwereza mawu, anatenga achinyamata awiri ongomaliza sukulu kuti aphunzire ntchito. Ananeneratu tsiku loyamba kuti mpando ndi umodzi. Maphunziro akatha, mmodzi adzatsala, winayo adzatsika masitepe osabwereranso.

Woyamba anali mtsikana wotchedwa Nambalawani. Dzinali analitenga kusukulu, chifukwa chiyambire sanakhalepo wachiwiri. Nzeru anali nazo, pamenepo tisamunamizire. Koma anali wa anthu aja amene mnzawo akakhoza, iwo chakudya chimakana kutsika.

Wachiwiri anali mnyamata wa maso ofooka, wovala magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Nambalawani ndiye anamupatsa dzina loti Magalasi, ndipo linamumatirira. Mnyamatayo sankadandaula. Ankagwira ntchito pang'onopang'ono, zilembo za pa sikirini yake zili zikuluzikulu zoti munthu n'kuziwerenga ali pakhomo.

Masana, poweruka kusukulu, mng'ono wake wa Nambalawani ankabweretsa chakudya. Kunyumba ankangomuti Chitsiriza, pakuti ndiye anali wotsiriza kubadwa. Tsiku lina mwanayu anafuna kuika botolo la madzi patebulo, koma anaphonya tebulo lonse, botolo n'kugwera pansi.

"Maso akowo ndi okongoletsera nkhope basi?" anatero Nambalawani anthu onse akumva. "Ukufuna ukhale Magalasi wachiwiri? Kwathu kulibe mtundu umenewo, wamva?"

Chitsiriza anatola botolo lija. Kuyambira tsiku limenelo ankati akapereka chakudya, n'kupita kukaima pa tebulo la Magalasi, awiriwo n'kumanong'onezana. Nambalawani ankangoseka, amvekere, "Opusa apezana."

2. Mafayilo atatu

Amene ankawaphunzitsa anali mkulu wa imvi amene aliyense ankamutchula kuti a Madala. Iwo ndiwo analemba pulogalamu ija pachiyambi. Lachitatu m'mawa anajambula mabokosi atatu pa bolodi, limodzi pamwamba pa linzake.

"Ana inu, pulogalamu yathuyi siganiza yokha," anayamba motero. "Ikafuna kudziwa kanthu, kaya kukula kwa zilembo, kaya nthawi ya mayeso, imafunsa mafayilo atatu. Yapamwambayi timaitcha fayilo ya agogo. Ilipo imodzi yokha, ndipo tabuleti iliyonse kulikonse komwe ili, ngakhale makompyuta athu omwewa, amaimvera. Pansi pake pali fayilo ya kholo. Sukulu iliyonse ili ndi yake. Pansi penipeni pali fayilo ya mwana, ya munthu mmodzi yekha.

"Mwana akapanda kunena kanthu, amatengera za kholo. Kholo likakhala chete, limatengera za agogo. Agogo anati zilembo zikhale pa 12. Sukulu ina ya ana aang'ono inalemba mu fayilo yake kuti kwathu kuno 16, ndiye kumeneko zimakhala 16. Mnzanuyu analemba mu yake kuti 40, ndiye mukuona nokha zilembo zake ngati njerwa. Wapafupi ndiye amamveka. Ndipo simukopera fayilo yonse ayi. Mumangolemba chokhacho chimene mukusiyana nacho, zinazo muzisiye zitsike zokha kuchokera kumwamba."

"Ndiye kuti agogowo alibe mphamvu?" anafunsa Nambalawani. "Kamwana kalikonse kangowatsutsa?"

A Madala anavula chipewa n'kuchiika patebulo. Akatero, onse ankadziwa kuti nkhani yakula.

"Mphamvu ali nazo, zoopsa zedi. Pali liwu limodzi, loti loko. Ukalilemba kumapeto kwa mzere mu fayilo ya agogo, basi, pansi ponse pamakhala zii. Fayilo ya mwana imakhala ilipo, yolembedwa bwinobwino, koma palibe woimvera. Timakhoma zinthu zochepa, monga nthawi ya mayeso, kuti wina asadziwonjezere mphindi mwakuba.

"Koma tamverani, ana inu, ndipo mumve ndi makutu onse awiri. Musadzakhome chinthu chifukwa choti inuyo simukuchifuna. Pansi apa pali anthu amene simudzawaona mpaka kufa kwanu. Mzere uliwonse wa mu fayilo ya mwana, alipo amene anavutika kaye kuti ulembedwe. Wina dzanja limanjenjemera, ndiye anapempha mabatani akuluakulu. Wina khutu silimva bwino. Wina ndi maso. Ambiri a iwo anachita manyazi popempha, ndipo sadzabwera kudzakuuzani. Ukataya madzi akuda uli pamwamba pa masitepe, susankha amene anyowe pansi."

Atatero anatsegulira kompyuta ya Magalasi khomo lolowera mu fayilo ya agogo, kuti akonze mawu ena amene analembedwa molakwika. Ya Nambalawani sanaitsegulire.

Chimenecho chinamubaya mtsikanayo. Chinamubaya koposa ndi zimene anamva madzulo ake, akutsuka makapu kuseri kwa chitseko. A Madala ankauza abwana kuti, "Mtsikanayu ndi wachangu, koma mnyamatayu amafunsa asanagwire. Ine Lachisanu kulibe, ndikapereka matabuleti kusukulu ya kutali ija, kosagwira foni. Muwayese nokha, koma maganizo anga ndi amenewo."

3. Lachinayi masana

Nthawi ya chakudya itakwana, abwana anatuluka, a Madala nawo anatuluka. Mayi woyankha foni anapita kukagula zipatso. Magalasi anaimirira akutikita zikope.

"Achemwali, mundiyang'anireko kompyutayi," anatero. "Ndasiya fayilo ya agogo yotsegula, ndisayambirenso kulowa. Ndikathire mankhwala m'maso, akundiyabwa."

"Pita, koma usakagwe pamasitepe, tingavutike kukutola," anayankha Nambalawani.

Chitseko chitangotsekeka anasamukira pa mpando wa mnzakeyo. Poyamba anatsegula fayilo ya mwana ya Magalasi, chala chili pa batani lofufutira. Kenako anapukusa mutu. Kufufuta n'kwa ana. Mwini wake akanaona kuti mzere wasowa, n'kuulembanso nthawi yomweyo.

Anabwerera ku fayilo ya agogo. Sanavutike kufunafuna, pakuti pa sikirini imeneyo mzere uliwonse unali waukulu ngati chikwangwani cha pamsewu. Anaupeza:

*kukula kwa zilembo: 12*

Anayang'ana kuchitseko. Kenako analemba liwu limodzi kumapeto kwake:

*kukula kwa zilembo: 12 loko*

"Aliyense amawerenga pa 12," anadzilankhulira chapansipansi. "Adzazindikira ndani? Iye yekha basi."

Taonani nkhanza yake. Fayilo ya Magalasi sinakhudzidwe ngakhale pang'ono. Mawa akadzaitsegula idzamuuza kuti zonse zili bwino, maso ake akumuuza zina. Ndipo popeza makina onse ankalandira zosintha akayatsidwa m'mawa, tsiku limenelo panalibe choonekera.

Magalasi anabwera misozi ya mankhwala ikutsika m'masaya. Anapeza Nambalawani ali pa tebulo lake, akudya ngati munthu wosalakwa.

"Zikomo, achemwali," anatero mnyamatayo. Anatulutsa lalanje m'thumba, n'kuligawa pakati, n'kumupatsa mbali yaikulu. Nambalawani analandira, ndipo anadya lonse.

4. Lachisanu

Mayeso a awiriwo anali osavuta kunena. Aliyense anayenera kulemba fayilo ya kholo ya sukulu yatsopano, abwana ataima kumbuyo kwake.

Nambalawani anayamba. Zala zake zinathamanga pa kiyibodi, ndipo tiyi wa abwana asanazizire anali atamaliza. Abwana anagwedeza mutu n'kusunthira kwa Magalasi.

Mnyamatayo anayatsa kompyuta. Zilembo zinatuluka ting'onoting'ono ngati nyerere. Anapukuta magalasi ndi malaya, n'kuvalanso. Anasendeza mpando. Anasendezanso mpaka mphuno inagunda sikirini.

"Tikudikira," anatero abwana.

"Pepani, bwana, zilembo zanga zachepa. Achemwali, chonde, tandiwerengerani. Fayilo yangayi ikuti chiyani?"

Nambalawani anabwera mosathamanga, nawerama pa phewa lake.

"Ikuti 40," anatero mokweza. "Palibe cholakwika apa. Mwina maso aja angotheratu usiku. Zimachitika."

Mayi wa pafoni anaseka pang'ono, kenako n'kudzigwira pakamwa. Magalasi anayamba kulemba mongoganizira, thukuta likugwera pa kiyibodi. Analemba dzina la sukulu pamalo pa nthawi, nthawi pamalo pa dzina.

"Zilembo zako zomwe zikukukanika," anatero abwana, "ndiye za masukulu a eni uzitha bwanji?"

Asanayankhe, foni inalira. Mayi uja anamvetsera, nkhope n'kusintha. Atangoiika inaliranso. Linali tsiku la mayeso otsiriza chaka, ndipo masukulu ankaimba motsatizana. Kwina ana aang'ono ankalira kuti sakuona mafunso. Kwina mphunzitsi ankakalipa kuti ana ake atatu a maso ofooka angokhala manja ali m'khosi, nthawi ikupita, ndipo nthawiyo ndi yokhoma.

Abwana anaimbira a Madala, foni yosagwira. Anazungulira m'chipindamo mpaka anakodwa mu waya.

Pamenepo Nambalawani anadzidzimuka, chifukwa za ana enawo sanaziganizire. Akanatha kufufuta liwu lija nthawi yomweyo. Koma wopeza msanga chinthu chobisika amafunsidwa kuti wadziwa bwanji. Choncho anakhala pa kompyuta ya Magalasi n'kunamizira kufufuza. Anatsegula fayilo iyi, n'kutseka, n'kutsegula ina, akukwinya nkhope ngati dokotala, foni ikulirabe. Dzuwa litakwera ndithu ndi pamene anafuula.

"Ndapeza, bwana! Wina anakhoma zilembo mu fayilo ya agogo. Onani, pakusonyezanso pamene zinachokera. Dzulo masana, pa kompyuta iyi."

Analoza ya Magalasi. Kenako anachotsa liwu lija, abwana n'kulamula kuti masukulu onse azimitse matabuleti ndi kuyatsanso. Koma m'masukulu ambiri mayeso anali atatha kale.

"Sindinalembe ine zimenezo," anatero Magalasi.

"Nanga ndani?" anafunsa abwana. "Kompyuta ndi yako. Khomo anatsegulira iwe wekha."

"Ndingadzikhomere ndekha bwanji, bwana?"

"Mwina sanaone zimene ankalemba," anatero Nambalawani mofatsa, ngati womumvera chisoni. "Si dala ayi. Ndi maso."

Magalasi anavula magalasi aja n'kutembenukira kumene kunkachokera mawuwo.

"Achemwali, dzulo ndinakusiyirani inu."

"Ine ndinali pa tebulo langa, ndikudya. Unandipeza pomwepo, unandipatsanso lalanje. Lero ufuna undipake matope ako?"

Abwana sanafune kumva zambiri. "Ndinakutenga chifukwa cha chisoni, ndipo chisoni chandidyetsa manyazi. Tenga chikwama chako. Ntchito ino ndi ya anthu oona."

Mnyamatayo anafufuza chikwama chake ndi manja, n'kuchipeza. Popita kuchitseko anakodwa mu waya womwe uja, n'kugwada. Palibe anamudzutsa.

"Ndinakuuza kuti uzisamala," anatero Nambalawani.

Mapazi a mnyamatayo anamveka akutsika masitepe, limodzi limodzi, mpaka anazimiririka m'phokoso la matayala. Abwana anagwira mpando wotsalawo n'kuukankhira kwa Nambalawani.

"Lolemba ubwere molawirira. Watipulumutsa."

5. Kunyumba

Nambalawani anafika kwawo dzuwa lisanalowe, atanyamula mabisiketi ndi botolo la chakumwa, akuimba kuyambira pageti.

"Amayi! Mpando uja ndi wanga! Magalasi watsika masitepe!"

Amayi ake anali pa makina osokera, koma makinawo anali chete. Sanamwetulire.

"Chepetsa mawu. Mng'ono wako ali kuchipinda. Chibwerereni sanadye."

Nambalawani anakumbukira kuti tsiku limenelo Chitsiriza ankalemba mayeso olowera kusekondale. Anakankha chitseko. Mwanayo anagona atayang'ana kukhoma, yunifolomu ndi nsapato zili m'thupi.

"Iwe, walemba bwanji? Usandiuze kuti wandichititsa manyazi."

"Ndalemba dzina lokha."

"Dzina lokha? Chaka chonse chija umawerenga chiyani?"

Chitsiriza anadzuka n'kukhala pamphepete pa bedi. Maso anali otupa.

"Sindimaona, achemwali. Pa bolodi ndinasiya kalekale kuona. Zilembo zing'onozing'ono zimangosakanikirana."

Amayi anali ataima pakhomo la chipindacho. "Inenso ndamva lero lomwe," anatero. "Mwana kuvutika chaka chathunthu m'nyumba mwanga, ine osadziwa. Ndamufunsa kuti bwanji sunanene. Muuze mkulu wako zimene wandiyankha."

"Ndinkaopa inu," anatero Chitsiriza, akuyang'ana pansi. "Munati kwathu kulibe mtundu umenewo. Ndiye ndinauza achimwene a magalasi aja. Anandilembera fayilo yangayanga, ya mwana, kuti zilembo zanga zizikhala pa 30. Analonjeza kuti sauza munthu, ndipo sanauze. Ndinayamba kukhoza, achemwali, masamu omwe. Lero ndayatsa tabuleti, zonse zabwerera kukhala tinyerere. Ndinakweza dzanja, aphunzitsi anati sangathe kukonza. Atakonza n'kuti nthawi itatha. Akuti ndibwereze kalasi."

Botolo lija linayamba kulemera m'dzanja la Nambalawani. Analiika pansi.

"Mwana wanga," anatero amayi, "pakamwa pakopo ndakhala ndikukuchenjeza kuyambira uli wamng'ono. Unkati ukaseka wachibwibwi kusukulu, ine n'kukuuza kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Unkati ndine wachikale. Nzeru zako ndi zambiri, sindikana, koma nzeru zopanda chifundo zimaopsa a m'nyumba mwako momwe. Taona, mng'ono wako wa bere limodzi anakadalira mwana wa eni, iwe uli pomwepo, tebulo loyandikana. Ukuti zimenezi n'zonyaditsa?"

Chitsiriza anagwira dzanja la mkulu wake.

"Achemwali, Lolemba mundiperekeze kuntchito kwanu. Mukawapemphe achimwene aja andilembere kalata yonena kuti vuto linali la makina. Mwina aphunzitsi angandilole kulembanso. Iwo aja sangakane, ndi abwino mtima. Mukawapempha, eti?"

Mtsikana amene sankasowa yankho m'kalasi anayang'ana kumbali. Mantha anamugwira, manyazi nawo anamugwira.

"Odi kuno!"

Amayi anapita kukatsegula, ana awiriwo akutsatira. Pakhomo panaima a Madala, nsapato zili mbuu ndi fumbi la ulendo. Anapereka moni mwaulemu, koma mpando anaukana. Anavula chipewa. M'dzanja linalo anali ndi kabotolo kakang'ono ka mankhwala a m'maso.

"Pepani mayi, ndabwera osaitanidwa. Ndadzera kuntchito, ndamva zonse, ndipo ndaona nthawi imene kompyuta ikunena." Anatembenukira kwa Nambalawani. "Mnyamata uja waiwala mankhwala ake patebulo. Mwina sukudziwa, mwana wanga, kuti sathira yekha. Amaphonya diso. Masana aliwonse ndimamudikira pansi pa masitepe n'kumuthira ine. Dzulo, nthawi imene liwu lija linkalembedwa, mutu wake unali m'manja mwangamu."

Anaika kabotolo kaja pa makina osokera.

"Tsopano ndiuze, mayi ako ali pano, mng'ono wako ali pano. M'chipinda muja munatsala ndani?"

Chitsiriza anali asanasiye dzanja la mkulu wake. Anasendera pafupi, natsinzinira pang'ono monga ankachitira pofuna kuwerenga zilembo zing'onozing'ono, kuti aione bwino nkhope ya achemwali ake poyankha.